Mphepo ya M'komboni: Zimene Imanyamula ndi Zimene Timaisenzetsa

Munthu wa ku Kanyama kapena ku Mtendere, makomboni a mu Lusaka, akati "lero kuli mphepo," womvera amayamba wakumbuka kuti tili m'mwezi wanji. Mu Juni mawuwo akunena kuzizira, ngakhale tsamba limodzi lisakugwedezeka. Mu Ogasiti akunena fumbi la m'maso ndi la m'ndiwo. Mu Novembala, mitambo ikada bii, akutanthauza kuti thamangani mukaone ngati miyala ya padenga ikadalipo. Agogo akawatchula motsitsa mawu, maso ali pa mwana amene wadwala mwadzidzidzi, za nyengo sakuziganiza n'komwe. Ndiye pali muulutsi wa pa wailesi amene amati "tili pa mphepo," aliyense n'kumumva bwinobwino. Liwu limodzi lomweli timaligwiritsa ntchito tsiku lonse osaliganizira, ndipo n'koyenera kulikhalira pansi kuti tisiyanitse zimene mphepo imachitadi ndi zimene ife anthu timaikankhira.

Mphepo yeniyeni ndi mpweya umene uli pa ulendo. Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wogundana ndi nthakayo umafunda, umapepuka, n'kukwera m'mwamba. Wina wozizira ndi wolemera umathamangira kudzalowa m'malo mwake. Kuthamangako n'kumene timakumva pakhungu. Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo palibe mapiri aakulu outchinga. Miyezi yambiri ya chaka, makamaka kuyambira pamene mvula yaleka mpaka Okutobala, mphepo yake imachokera kum'mawa kapena kum'mwera chakum'mawa. Gwero lake ndi mpweya wounjikana pamwamba pa nyanja ya Indian Ocean ndi kum'mwera kwa Africa. Podutsa Mozambique ndi mapiri a m'njira imataya chinyontho chake, moti pofika kuno imakhala itauma gwa. Dzinja likayandikira zinthu zimatembenuka: mpweya wachinyontho wochokera ku nkhalango za Congo umatsikira kuno, umakumana ndi wa kum'mawa, n'kukankhana nawo kukwera m'mwamba kumene umazizira n'kusanduka mitambo. N'chifukwa chake achikulire amene anakulira ku munda, akangoona kuti mphepo yasintha kochokera, amayamba kufunsa za mbewu a Zambia Meteorological Department asanalengeze kanthu.

Ku nyanja ya Malawi mphepo iliyonse ili ndi dzina lake. Ya kum'mwera ndi mwera, ya kumpoto ndi mpoto, ya kum'mawa ndi vuma, ya kumadzulo ndi zambwe. Msodzi wa ku Nkhotakota amene sadziwa kuzisiyanitsa sakalamba, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanjayo sanaiwale sitima ya Vipya imene inamira m'mafunde pa 30 Julayi 1946, n'kupita ndi anthu oposa 140. Ku Mulanje ndi ku Thyolo kuli chiperoni, mphepo yozizira ya mvula yowaza, yotchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone ku Mozambique. Mayina amenewa sanafike m'makomboni a Lusaka. Anatsalira m'njira pamodzi ndi mabwato ndi maukonde. Mwana wobadwira ku George amadziwa kamphepo, chimphepo, kamvuluvulu, basi. Alibe chifukwa chofunsira kumene mphepo yachokera. Chimene chimamukhudza ndi zimene yabwera nazo.

Ogasiti ndiye mwezi wake. Mvula imakhala italeka kalekale, udzu wauma, misewu yadothi yaperedwa ndi matayala a minibasi mpaka kusanduka ufa. Dzuwa likangokwera pang'ono mphepo imadzuka. Kaimeni pafupi ndi mayi wokazinga vitumbuwa m'mbali mwa msewu ku Chawama muone mmene amakhalira nayo. M'mamawa, poyatsa moto, amaifuna: mbaula amaiika poyera, ndipo ngati kuli bata amaigwira pa waya n'kumaizunguza mpaka malasha atafiira. Moto ukakolera, yemweyo amaimika chidutswa cha lata kapena katoni kumbali ya kum'mawa, chifukwa mphepo ikapitiriza kulowa m'mabowo a mbaula malasha amanyeka msanga, phindu la tsikulo n'kupsera momwemo. Dzanja limodzi lili pa chipande, lina likubwezera chivundikiro pa ndowa kuti mchenga usalowe m'vitumbuwa. Kuseri kwa nyumba zochapa zimauma madzi otsukira asanatayidwe, koma malaya oyera a sukulu amachoka pachingwe atafiirira. Amene walandira thumba la chimanga kuchokera ku Petauke kapena ku Katete amatulutsa lichero, n'kuyang'ana kumene mphepo ikupita asanayambe kupeta. Ana nawo amadula mapepala a pulasitiki, kumangirira pa timitengo, n'kuthamanga nazo pabwalo la mpira. Ku Kalingalinga, amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu amakhala tsiku lonse ndi nyundo m'manja, fumbi loyera la miyalayo likuwalowa m'mphuno iwo ndi ana amene awabereka kumbuyo.

Fumbi limagwera aliyense, koma siligwa mofanana, ndipo chifukwa chake chinayamba kale. Boma la atsamunda litachotsa likulu ku Livingstone n'kulikhazika ku Lusaka mu 1935, maofesi a boma ndi nyumba za azungu zinamangidwa pachitunda cha kum'mawa kwa njanji, ku Ridgeway, kenako n'kufalikira ku Woodlands ndi ku Kabulonga. M'misewu ya kumeneko anabzalamo mitengo, mzinda n'kumatamandidwa kuti Garden City. Mafakitale anapita kumadzulo kwa njanji. Antchito a m'mafakitalemo anawamangira Matero m'zaka za m'ma 1950, ndipo amene sanapeze nyumba za khonsolo anadzimangira okha pa mafamu ndi m'malo okumba miyala. Kanyama ndi George anakula motero. Tsono ikani mapu amenewa pamodzi ndi mphepo yochokera kum'mawa ija. Imayamba yadutsa m'mayadi a mitengo ili yoyera, imatola utsi wa magalimoto pakati pa tauni, imawonjezera wa mafakitale, n'kukatula zonsezo kwa anthu a kumadzulo. Ku London zinali chimodzimodzi koma mozondoka: kumeneko mphepo imachokera kumadzulo, choncho olemera anakhala ku West End, osauka ndi utsi wa mafakitale n'kukhala ku East End. Kalingalinga ndi Mtendere ali kum'mawa, moyandikana ndi yunivesite ya UNZA ndi Kabulonga, kumene ambiri mwa anthu ake akhala akugwira ntchito. Utsi wa mafakitale suwavuta kwambiri, koma wa zinyalala zowotchedwa madzulo ndi fumbi la misewu yawo n'zofanana ndi za anzawo.

Lamulo la 1974 lokhudza nyumba linavomereza kuti makomboni ambiri ndi malo okhala anthu mwalamulo, ndipo ntchito yothandizidwa ndi World Bank m'zaka zotsatira inabweretsa mipopi ndi misewu ina ku George ndi ku Chawama. Inali ntchito yabwino. Koma malo obzala mitengo yotchinga mphepo sanasiyidwe, ndipo pabwalo pamene panali mtengo wa mango lero pali zipinda za lendi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa theka la miliyoni m'dera la Kanyama lokha. Anthu ochuluka chonchi, pa nthaka yopanda udzu, ndi misewu yambiri yopanda phula, fumbi silingalephere. Kwina m'dziko muno nkhaniyi inafika poopsa. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mphepo ikuulutsabe fumbi la milu yake kupita ku Kasanda ndi ku Makululu, kumene madokotala apeza mtovu wambiri m'magazi a ana. Ku Mufulira anthu a ku Kankoyo anafika pakuupatsa dzina utsi wowawa wa ng'anjo ya mkuwa, amautcha senta. Konseku anthu amati "mphepo yabweretsa," koma mphepo sinasankhe pomanga fakitale, sinagule malo a mtengo wa mango, ndipo sinataye mapepala a pulasitiki amene imawapachika pa waya za mipanda n'kuwaunjika m'ngalande. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala kwambiri mu 2018. Amene amayenda m'misika ya Soweto ndi Matero angaweruze yekha ngati lamulolo likutsatidwa.

Mvula yoyamba imabwera ndi mphepo ina, yaifupi koma yaukali. Namondwe weniweni wa kunyanja safika ku Lusaka ndi mphamvu zake zonse, chifukwa mtunda wochokera ku gombe la Mozambique ndi wautali. Zimene namondwe Freddy anachita ku Blantyre mu Malichi 2023, pamene matope a m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, ife tinazimva kwa achibale. Yathu ndi mphepo ya mkuntho yotsogolera mabingu, imene imatsika ndi mvula kuchokera mumtambo n'kumwazikira mbali zonse ikagunda pansi. M'mphindi zochepa madenga amakhala atapita. Ambiri amaganiza kuti mphepo imakankha denga chammbali, koma imalinyamula. Yothamanga pamwamba pa malata imawakokera m'mwamba, ina yolowera m'mipata ya pansi pake imawakankha kuchokera mkati, ndipo pamene zimayambira ndi m'makona ndi m'mphepete. Miyala, njerwa ndi matayala akale zimene timaziona pamadenga a Kanyama zimathandiza pa mphepo wamba, koma lata likatukuka zimagwera amene ali pansi. Mmisiri wodziwa ntchito yake amakwirira waya wochindikala m'khoma, mizere ingapo pansi pa denga, n'kumangira mitanda ku wayayo, ndipo misomali amaichulukitsa m'mphepete. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi malata atsopano. Chovuta n'chakuti wogona pansi pa dengalo nthawi zambiri ndi wa lendi, womanga ndi mwini nyumba amene amakhala kwina, ndipo aliyense amayembekeza mnzake. A Disaster Management and Mitigation Unit amafika ndi matenti ndi ufa denga litapita kale.

Pali mphepo ina imene makolo athu anailandira ndi manja awiri. Wailesi itayamba ku Lusaka mu 1941, pofuna kuuza mabanja nkhani za asilikali amene anali ku nkhondo, anthu anafunika dzina la nyumba imene mawu amatulukamo n'kuyenda popanda waya. Anaitcha nyumba ya mphepo, ndipo dzinali linakhala loyenera, pakuti mawuwo saoneka, sayima pa mpanda, amalowa m'nyumba ya bwana ndi ya wantchito nthawi imodzi. Mu 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo ya Saucepan Special, ndipo mabanja a m'makomboni anayamba kusonkhana madzulo kumvera anthu ngati Alick Nkhata, amene msewu wodutsa pa Kalingalinga ndi pa likulu la ZNBC unatenga dzina lake, kenako Julius Chongo ndi nthano zake za Poceza m'Madzulo. Mphamvu ya mphepo imeneyi inaoneka pa 30 Juni 1990. Patangopita masiku ochepa chichitikire zipolowe za kukwera mtengo kwa ufa, msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi m'bandakucha kuti asilikali atenga boma. Anthu anakhamukira m'misewu akusangalala, ndipo pasanathe maola ambiri wailesi yomweyo inalengeza kuti boma la Kenneth Kaunda lidakalipo. Lero mawu ouluka amadzera pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo munthu wanzeru akamva nkhani yopanda mwini amati yangobwera ndi mphepo, n'kudikira kaye.

Tanthauzo limene anthu amalitchula monong'ona ndi la mizimu. Limayambira pa kamvuluvulu. Masana a Seputembala ndi Okutobala, pabwalo louma, mpweya wotentha umakwera mofulumira pamalo amodzi, wa m'mbali n'kulowa mozungulira, fumbi ndi mapepala n'kuimirira ngati munthu akuyenda. Amalowa m'msika, amagwetsa thebulo limodzi n'kusiya loyandikana nalo, kenako amazimirira. Chinthu chosankha chonchi n'chovuta kuchiona ngati mphepo wamba, ndipo ambiri tinakula tikuuzidwa kuti tisalowe mkati mwake chifukwa muli wina. Maganizo amenewa si a Achewa okha. Ashona akamati mhepo amatha kunena mizimu yoipa, Aswahili amati pepo, ndipo Atumbuka, amene ndi ambiri mu Lusaka kuchokera ku Lundazi ndi ku Chama, mizimu ya vimbuza amaitchanso mphepo. UNESCO inazindikira gule wa vimbuza mu 2005, chaka chomwecho ndi Gule Wamkulu. Mzinda sunathetse chikhulupiriro chimenechi. Emmanuel Milingo, mwana wa kum'mawa amene anakhala Arkibishopu wa Katolika wa Lusaka mu 1969, anayamba mu 1973 kupempherera anthu ovutika ndi mizimu ya mashawe, ndipo makamu amene ankamutsatira kuchokera m'makomboni anachuluka mpaka akuluakulu a mpingo anamuitanira ku Rome mu 1982. Iye atachoka, ntchitoyo inatengedwa ndi mipingo ya mzimu ndi ya chipentekoste imene lero ili pafupifupi m'msewu uliwonse wa Matero ndi Chawama, ndipo "mphepo zoipa" zimadzudzulidwa usiku wonse.

Sindikuona chifukwa chonyozera munthu amene, ntchito itatha, banja litasokonekera, tulo titasowa, akuti m'nyumba mwake mwalowa mphepo. Mawuwo amamupatsa njira youzira anzake kuti walemedwa, ndipo anzakewo amabwera kudzakhala naye, chinthu chimene mapiritsi sachita. Pamene ndimakana ndi pa mwana. Khanda likayamba kugwedezeka, maso atatembenuka, thupi likutentha, chikhoza kukhala malungo amene lawatenga ku mudzi, matenda oumitsa khosi, kapena khunyu, ndipo ziwiri zoyambazo zimapha m'maola owerengeka. Kanyama, Chawama ndi Matero ali ndi zipatala zawo zimene zimatsegula usiku ndi usana. Pemphero likhoza kuchitikira pa benchi ya chipatala, mwana ali m'manja mwa namwino. Kolera nayenso anthu akhala akumunamizira mpweya wonunkha, ndipo madokotala a ku Ulaya ankakhulupirira zomwezo mpaka John Snow anaonetsa mu 1854 kuti anthu a m'dera lina la London ankadwala chifukwa cha madzi a pa mpope umodzi. Mliri wa 2017 mpaka 2018, ndi wa 2023 mpaka 2024 umene unasandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, inadzera m'madzi. Pansi pa Kanyama pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo zotuluka m'zimbudzi zokumba zimayenda m'ming'alumo mpaka m'zitsime zosaya.

Tanthauzo lofala kuposa onse m'Chinyanja cha mu Lusaka ndi la kuzizira. "Nimvela mphepo" ndi mawu a mwana wopita ku sukulu m'mamawa wa Julayi. Chichewa cha kumudzi chili nalo kale tanthauzo limeneli, koma mumzinda linakula chifukwa chokhala pamodzi ndi Chibemba, mmene impepo ndi kuzizira basi, mpweya woyenda n'kukhala umwela. Kuzizira kwa Lusaka kumabwera chifukwa cha kukwera kwa malo ndi thambo lopanda mitambo: kutentha kumene nthaka yasunga masana kumathawira kumwamba usiku popanda chokubweza, moti mu Juni ndi Julayi m'bandakucha kumatsika pansi pa madigiri 10. Nyumba ya mabuloko ndi malata yopanda siling'i imazizira pamodzi ndi panja. Ndiyo nyengo imene ogulitsa salaula ku Soweto amatulutsa mabelo a majuzi ndi majekete, ana amatuwa mbuu mpaka amayi awo atawadzoza mafuta, ndipo kandolo wophika ndi tiyi zimalowa m'malo mwa buledi. Mlonda wochokera ku ntchito ya usiku amakumana pa siteji ndi mayi wopita kukapikula tomato, onse atadzifunda mpaka m'makutu.

Pamenepa m'pamene liwu lathuli limatisocheretsa. Popeza kuzizira ndi mpweya woyenda tinazipatsa dzina limodzi, timalimbana ndi zonse ziwiri ndi chida chimodzi, kutseka. Kwerani minibasi ya ku Mtendere m'mawa wa Juni. Anthu athinana anayi pa mpando, mawindo onse atsekedwa mpaka achita nthunzi, kumbuyo wina akutsokomola mosalekeza. Mnyamata akangosuntha galasi pang'ono, mayi wa pambali pake amati, "Imwe, tsekani, mufuna kutidwalitsa? Pali mwana pano." Mayiyo akunena ndi mtima wabwino, koma chimene akuchiopa sindicho choopsa. Chifuwa chachikulu chimayamba ndi kachilombo kamene Robert Koch anakapeza mu 1882. Wodwala akatsokomola, timadontho tosaoneka timatsala tikuyandama m'chipinda kwa maola, ndipo chimene chimatichotsa ndi mpweya wodutsa. Zambia ili m'gulu la maiko 30 amene bungwe la World Health Organization limati ali ndi vuto lalikulu la matendawa, ndipo makomboni a Lusaka, mmene banja lonse limagona chipinda chimodzi, ndiwo malo amene amafalikira mosavuta. Chimfine, chikuku ndi COVID-19 zimayenda njira yomweyo. Funde loopsa kwambiri la COVID-19 linatipeza mu Juni ndi Julayi 2021, pakati penipeni pa nyengo yotseka mawindo, pamene zipatala zinasowa okosijeni wokwanira.

Chibayo nacho timati chimabwera ndi mphepo. Zoona n'zakuti chimachuluka m'nyengo yozizira, ndipo chimakonda makanda ndi okalamba. Kenneth Kaunda ankalandira chithandizo cha matenda omwewa pamene anamwalira ku chipatala cha Maina Soko pa 17 Juni 2021 ali ndi zaka 97. Kufunditsa mwana ndi nkhalamba n'kofunika, pakuti thupi lozizidwa limafooka. Koma choyambitsa chibayo ndi tizilombo, ndipo chimene chimatitsegulira njira m'mapapo a mwana ndi utsi. World Health Organization imawerengera kuti utsi wa m'nyumba, wa nkhuni ndi makala ophikira, umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka padziko lonse. Mayi amene watseka zenera ndi nsanza, n'kuphikira m'chipinda momwe mwagona khanda, amakhala atatsekera kunja chomuteteza mwanayo. Katemera wa chibayo analowa m'ndondomeko ya ana a ku sikelo m'Zambia mu 2013, ndipo ndi waulere.

Chimene chimandiwawa koposa ndi mbaula ya usiku. Malasha akamanyeka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Anthu ambiri amadikira kuti utsi uthe, malasha afiire bwino, n'kumati tsopano mbaula yayera, ingalowe m'nyumba. Komatu malasha ofiira opanda utsiwo akutulutsabe poizoniyo. Magazi a munthu amaugwira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, choncho pang'onopang'ono amaleka kunyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Woyamba kudwala amamva mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, zimene aliyense angaziyese kutopa kapena chimfine. Wogona samva kanthu. Nyengo yozizira iliyonse apolisi amalengeza za anthu opezeka atafa m'chipinda chotseka, mbaula ili pakati, nthawi zina banja lathunthu, nthawi zina mlonda m'kanyumba kake ka pageti. Kuzimazima kwa magetsi kwawonjezera vutoli. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko, chinatsitsa kwambiri madzi a m'damu la magetsi la Kariba, ndipo mabanja amene anali ndi mbaula ya magetsi anabwerera ku malasha. Pamaliro otere mumamva anthu akunong'onezana kuti m'nyumbamo munalowa mphepo yoipa. M'nyumbamo simunalowe mphepo iliyonse, ndipo n'chifukwa chake anthuwo anafa.

Nyumba zakale za khonsolo ku Matero zinkamangidwa ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa mawindo. Lero eni nyumba ambiri akamawonjezera zipinda za lendi amatisiya pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo pamene tilipo anthu amatitseka ndi nyuzipepala Juni akafika. Inu eni nyumba, bwezerani timabowo timeneti. Mtengo wake sufika wa thumba la simenti. Inu amayi ndi abambo a lendi, chotsani nyuzipepalazo, fundani bulangete lachiwiri, valikani mwana chisoti ndi masokosi, koma mpata wa mpweya usiyeni. Othani mbaula pakhonde kapena chitseko chili chotsegula, ndipo nthawi yogona ikakwana itulutseni panja, ngakhale malasha akuoneka ngati azima. Mukapeza mnansi wanu ali wofooka kapena wakomoka m'chipinda cha mbaula, tsegulani chitseko ndi mawindo, mutulutsireni panja, ndipo thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.